Nyumba ya agogo ku Linga: kodi ndi ya nthawi ya Jumbe?

Imelo iyi yagona masiku angapo ndisanaiyankhe, chifukwa ndimafuna ndione kaye zithunzi zake pa kompyuta, osati pa kafoni kanga kong'aluka galasi. Yachokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito ku Lilongwe koma kwawo ndi ku Linga, ku Nkhotakota. Dzina andipempha kuti ndisunge. Akuti agogo awo aamuna anasiya nyumba ya njerwa zootcha, yofolera ndi malata, ya zipinda zitatu ndi khonde lalitali kumaso. Amalume awo amene ankakhalamo anatisiya chaka chatha, ndiye pabanja pabuka mawu awiri. Anyamata akuti igwetsedwe, pamangidwe ya mabuloko yoti azichititsa lendi. Amayi awo aakulu akuti ayi, nyumbayo ndi ya nthawi ya Jumbe, woigwetsa adzaona malodza. Funso la mayiwa n'lakuti: kodi zoona ingakhale yakale choncho, nanga munthu angadziwe bwanji zaka za nyumba yopanda pepala lililonse? Atumizanso zithunzi zitatu.

Mayi, choyamba pepani ndi zovuta zimene zinakugwerani.

Za Jumbe ndikuuzani mosapsatira: makoma amene ndikuwaona pazithunzipa si a nthawi imeneyo. Koma musathamangire kukawauza amayi aakulu kuti akunama, chifukwa mbali ina akunena zoona.

Jumbe woyamba, wamalonda wa Chiswahili dzina lake Salim bin Abdallah, anafika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, ndipo dzinalo linalowedwa mpaka kwa wachinayi, amene azungu anamuchotsa chapakati pa zaka za m'ma 1890 n'kumutumiza ku Zanzibar. Chuma chawo chinali minyanga ndi akapolo. Anthu ankawolotsedwa nyanja pa zombo, kenako n'kuyenda wapansi mpaka ku Kilwa. Ndimakonda kukumbutsa zimenezi chifukwa mawu oti “nthawi ya Jumbe” ena amawatchula ngati akunena za ukwati, chonsecho agogo a ena mwa ife anatuluka m'mudzi umenewu atamangidwa goli. Nyumba za nthawi imeneyo, ngakhale za anthu olemera, zinali za mitengo, dothi ndi udzu. Mumazika nsichi, mumamanga mbariro ndi luzi, amayi amaponda dothi, mumamata, pamwamba mapaso ndi udzu. Nyumba yotere ndi yozizira bwino, koma ili ndi adani awiri osagona tulo, chiswe ndi mvula. Mwana wobadwiramo sankafika pokwatira nyumbayo isanamangidwenso. Ndiye yoti yaima kuyambira 1890 mpaka lero osagwa, iyayi.

Chimene chinatsala cha nthawi imeneyo ndi kaonekedwe. Nyumba ya Achewa akale inali yozungulira, ya khomo limodzi, moto pakati. Nyumba ya ngodya zinayi, yogawa zipinda, ya khonde kumaso pochezera abambo ndi mpanda kuseri kwa amayi, inabwera ndi anthu a kugombe la nyanja ya mchere ndi Ayao amene ankachita nawo malonda. Livingstone atafika ku Mwembe kwa Mataka mu 1866 anapeza anthu ayamba kale kumanga nyumba za ngodya zinayi potengera Aluya. Ku Nkhotakota zinali chimodzimodzi, pamodzi ndi mpunga, mitengo ya kokonati ndi mzikiti. Mukayenda ku Linga ndi ku Kamange muona kuti tinjira timakhotakhota, nyumba zinathinana, khonde la uyu layang'anizana ndi la uyo. Palibe amene anabwera ndi tepi kudzadula mapuloti. Nyumba ikagwa, ana ankamanga ina pomwepo kapena pambali pake, njira n'kukhala momwe inalili. Ndiye n'kutheka ndithu kuti bwalo lanulo, malo amene nyumba yaimapo, ngakhale kumene khomo layang'ana, zinachokera kwa makolo a nthawi ya Jumbe. Amayi aakulu akamati “ndi ya nthawi ya Jumbe” mwina akunena pakhomo, anyamata akumva njerwa.

Njerwa zootcha zinafala ndi amishoni ndi boma la atsamunda. Ngakhale nyumba ya Mandala ku Blantyre, ya mu 1882, imene imatchuka kuti ndi yakale koposa m'dziko muno, inamangidwa ndi zidina. Amishoni a Anglican anakhazikika ku Nkhotakota mu 1894, ndipo chaka chotsatira anaika m'manda Bishopu Chauncy Maples, amene anamira panyanja. Mishoni zinkaphunzitsa anyamata kuumba, kuotcha uvuni, kuyala njerwa ndi ukalipentala, koma kwa zaka zambiri luso limeneli linkathera pa tchalitchi, chipatala, sukulu, nyumba ya DC ndi sitolo za amwenye. Munthu wamba ankaumba njerwa za mzungu masana, madzulo n'kukagona m'nyumba yomata.

Chinasintha zinthu ndi ulendo. Amuna ankapita ku Halale, ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela (bungwe lolemba anthu ntchito ya ku migodi), ena ku Kabwe ndi ku Kitwe. Amene sanachone ankabwera ndi sutikesi ya chitsulo, njinga, mwina makina osokera, ndi ndalama ya malata. Aphunzitsi, makalaliki, asilikali opuma ndi eni makoka akuluakulu nawonso anayamba kumanga. Kamuzu atabwera anawonjezera moto ndi mawu ake aja oti munthu aliyense akhale ndi chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha. Nyumba zambiri zakale za njerwa zimene mumaziona m'midzi ya m'mbali mwa nyanja zinamera m'nyengo imeneyi. Ndiye funso loyamba kwa amayi aakulu likhale ili: agogo ankagwira ntchito yanji, ndipo ndalama ya malata inachokera kuti?

Tsopano tiyeni tiiwerenge nyumbayo. Ndikuchenjezeni kaye kuti nyumba za kwathu kuno sizikhala ndi tsiku limodzi lobadwa. Makoma ndi a chaka china, denga ndi la chaka china, simenti ya pansi inadikira mpunga wa chaka chabwino, chipinda chakuseri chinabwera mwana atakula. Mukafunsa kuti “inamangidwa liti”, nyumba imakuyankhani kanayi.

Yambani ndi khoma, pamalo pamene pulasitala anagamuka. Pa chithunzi chanu choyamba, kumanzere kwa chitseko, njerwa zikuoneka. Mzere wina zagona m'litali, mzere wotsatira zaonetsa mitu. Kumeneko ndi kuyala kwa amisiri ophunzira ku mishoni kapena ku boma, khoma la naini inchi. Njerwa yawo inkakhala ya mainchesi 9 m'litali, 4 ndi theka m'lifupi, 3 kuchindikala, ndipo ukaigogoda ndi mpeni imalira ngati mbale. Makoma a pambuyo pake ambiri ndi a njerwa imodzi yogona m'litali basi, pofuna kupulumutsa njerwa, ndipo zikombole zinanka zichepa chifukwa oumba amalipidwa powerenga njerwa, osati kukula kwake. Tengani tepi mukayeze njerwa zisanu za kumaso ndi zisanu za kuseri. Zikasiyana, ndiye kuti zinachokera m'mauvuni awiri a zaka zosiyana.

Kenako tengani msomali mukande pakati pa njerwa. Chikatuluka chofiira kapena chakuda, chofumbutuka, ndi dothi. Chikatuluka choyera chokhala ndi timibulu, ndi laimu. Msomali ukangoterereka, ndi simenti. Apa musakodwe: dothi palokha silitanthauza kuti nyumba ndi yakale, chifukwa mpaka lero anthu akumangira dothi, thumba la simenti la makilogalamu 50 litakwera mtengo chonchi. Koma khoma lochindikala, loyalidwa mwaluso, lomangira dothi, kunja lopakidwa laimu kangapo konse mpaka akumatuka ngati makungwa, limenelo ndi la kale ndithu.

Chithunzi chanu chachitatu ndi chimene chandisangalatsa. Mwalemba kuti anyamata akuloza mng'alu wa kuseri uja ngati umboni woti nyumba yatha. Uyang'aneninso. Ukutsika mowongoka ngati aujambula ndi lula, kuchokera kudenga mpaka pansi, ndipo njerwa za mbali ziwirizo sizinalumane. Umenewo si mng'alu wa nyumba yoti ikugwa. Ndi pamene panathera nyumba yoyamba, wina n'kudzagunditsapo chipinda china osalumikiza njerwa. Mng'alu woopsa umayenda ngati masitepe, kutsata mizere ya njerwa, umayambira pa ngodya ya windo kapena chitseko, ndipo umakula chaka ndi chaka. Mukaupeza wotere, matanipo kasimenti pang'ono mopingasa, mulembepo tsiku, mudzaone pakatha dzinja ngati kasweka.

Ming'alu ina ili ndi tsiku lake lodziwika. Pa 10 Malichi 1989 kunachita chivomezi chachikulu chimene chinayambira kufupi ndi Salima. Anthu 9 anamwalira ndipo pafupifupi 50,000 anasowa pokhala. Tili m'chigwa chimene nthaka yake imagwedezeka, ndipo a ku Karonga anazionanso mu Disembala 2009. Nyumba zakale sizinkakhala ndi lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa mawindo. Pamwamba pa chitseko ankangoika thabwa lochindikala kapena kupinda njerwa ngati uta. Mukaona pena pake pali chigamba cha simenti yolimba pakati pa khoma la dothi, funsani ngati sichinaikidwe chivomezi chija chitapita. Ngati nyumba yanuyo inachiona n'kukhalabe chiimire, imeneyonso ndi mbiri yoti anyamata aimve.

Denga ndiye limaulula zambiri, kungoti pazithunzi zanu silikuoneka mkati. Mupeze mwana wopepuka akwere ndi tochi. Ayang'ane khoma la m'mbali, lija losongoka. Udzu umafuna denga lotsetsereka kwambiri kuti madzi asalowe, pamene malata amalola denga logona. Nyumba imene inayamba ndi udzu n'kudzalandira malata pambuyo imasiya chipsera: mzere wopendekera pakhoma, pamene njerwa za mtundu wina zinawonjezedwa kapena kuchotsedwa. Ayang'anenso matabwa. Ocheka pamanja, munthu wina pamwamba wina m'dzenje, amakhala ndi mizere ya sowo yosalingana, ndipo kawirikawiri ndi mlombwa, mbawa kapena muwanga, mitengo yoti chiswe chimaluma n'kubwerera. Ocheka pa makina amakhala osalala ndi ofanana. Akapeza paini, dziwani kuti denga limenelo si lakale kwenikweni, chifukwa nkhalango ya Chikangawa mbali yake yaikulu inadzalidwa titalandira ufulu mu 1964, ndipo mtengo umafuna zaka kuti ufike pochekedwa. Milimo ya bulugamu imangonena kuti wina anakonzapo ndi ndalama zochepa.

Malata akale ndi aafupi, olumikiza mizere iwiri kapena itatu kuchokera pamsonga kufika m'munsi, ndipo ndi olemera. Nambala ya geji ikachepa ndiye kuti lata ndi lochindikala: 26 kapena 28 si mnzake wa 32 amene timagula lero, woti ukamuponda amalira ngati chitini cha mafuta. Kunsi kwa malata ena kumakhala chidindo cha fakitale, ndipo dzuwa silifikako, ndiye chimakhalitsa. Mwanayo akachipeza achijambule.

Zotsalazi n'zachangu. Mawindo a matabwa otsekula ngati zitseko ndi akale kuposa a felemu ya chitsulo, ndipo mabagala owotcherera kunja anabwera umbava utakula. Pansi pofiira popaka Cobra pamakumbutsa nyumba za aphunzitsi ndi makalaliki, koma mukagogoda n'kumva phokoso la mphako, mwina pansi pake pali njerwa zoyala kapena dothi lozira la poyamba. Mawaya a magetsi oyenda pamwamba pa khoma akutanthauza kuti ESCOM inapeza nyumba itaima kale.

Ndikaphatikiza zimene ndaona, maganizo anga ndi akuti zipinda ziwiri za kumaso ndi khonde zinamangidwa pakati pa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo chipinda chakuseri ndi chaching'ono kwa zinzake ndi zaka zambiri. Amenewa ndi maso a munthu woona pa chithunzi. Amene angakupatseni chaka chenicheni ali pakhomo pomwepo.

Koma kufunsa akuluakulu kuli ndi njira yake. Mukati “amayi, nyumbayi inamangidwa chaka chanji?” adzakuyankhani kuti “kalekale, iwe usanabadwe”, nkhani n'kuthera pomwepo. Anthu athu sasunga zaka, amasunga zochitika. Afunseni kuti pa njala ya 1949 ankagona nyumba iti. Afunseni ngati Kamuzu pobwera mu 1958 uvuni unali utaotchedwa. Malata anagula ndi mapaundi kapena ndi makwacha? Funso limeneli lokha limadula nkhani pakati, chifukwa kwacha inayamba mu 1971. Ngati agogo anali a ku Wenela, anabwerako ndege yonyamula anthu a ku migodi ija isanagwe kapena itagwa? Inagwa ku Francistown mu Epulo 1974, ndipo boma linaimitsa ulendo wa ku migodi kwa zaka zingapo. Nanga nyanja itakwera kwambiri mu 1980, madzi anafika pati? Chipinda chakuseri anamangira ndani, ndipo iyeyo anali kalasi yanji? Ndani anabadwira m'nyumbamo woyamba? Ameneyo chiphaso chake chili ndi chaka. Mufunse anthu awiri kapena atatu payekhapayekha, chifukwa mukawaika pamodzi wamkulu akayankha ena onse amangovomera.

Ndipo musaiwale amayi. Abambo amakumbukira amene anagula malata, koma amene anatunga madzi oumbira njerwa, kusenza nkhuni za uvuni ndi kuphikira amisiri ndi amayi, ndipo amakumbukira kuti nthawi imeneyo anali ndi pakati pa mwana uti.

Za mapepala musayembekezere zambiri. Malo ambiri a m'midzi yakaleyi ndi a makolo, ogawidwa ndi mafumu, ndiye kunalibe pulani yopita ku ofesi. Ku National Archives ku Zomba kuli malipoti a boma la Kota Kota, monga ankalembera azungu, koma amakamba za nyumba za boma, misonkho ndi misewu, osati nyumba ya agogo anu. Pepala lothandiza lili m'sutikesi ya chitsulo ija, ngati ana sanayatsire moto: chiphaso cha ku migodi, risiti la sitolo, kalata, chithunzi cha ukwati chojambulidwa pakhonde. Pa chithunzi chotere musayang'ane nkhope zokha. Yang'anani kumbuyo kwa anthuwo ngati denga ndi la udzu, ndiponso msinkhu wa mtengo wa mango umene lero ndi chimtengo.

Simunandifunse ngati muigwetse kapena ayi, ndipo nkhani za pabanja la eni sindilowerera. Koma pali cholakwa chimodzi chimene ndinachichita ndekha, ndiye ndilibe manyazi kuchitchula. Nyumba ya bambo anga ku Salima ndi ya mtundu womwewu, njerwa zomangira dothi. Nditayamba kulandira malipiro ndinafuna kuwasangalatsa. Ndinaitana mmisiri wina, ndinagula simenti, ndinamuuza kuti asaumire, aike yambiri. Anapaka pulasitala wolimba ngati mwala kunja ndi mkati, pamwamba penti wa mafuta wonyezimira. Anthu odutsa ankaima kuyamikira. Patatha madzinja atatu khoma linayamba kulira mphako m'munsi, kenako pulasitala anagwa chigamba chachikulu ngati chitseko, atatenga nkhope za njerwa. Kuseri kwake dothi linali lonyowa ngati phala, chiswe chitamanga misewu. Bambo anangoti, “Nyumbayi inkapuma, mwaitseka mphuno.”

Ankanena zoona. Nyumba zakale zilibe pepala lakuda lija timayala pa maziko kuti chinyezi chisakwere. Kufupi ndi nyanja madzi ali pafupi, ndiye khoma limayamwa kuchokera pansi nthawi ya dzinja, n'kumauma pang'onopang'ono mwera ukayamba kuomba. Laimu amalola chinyezi kutuluka. Simenti yolimba ndi penti wa mafuta zimachitsekera mkati. Ndiye ngati banja lingagwirizane zoisunga, ndalama yoyamba ipite kudenga, kuti lisadonthe ndiponso kuti malata atuluke kunja mokwanira, madzi asamamenye khoma. Yachiwiri ipite pansi: kukweza dothi m'mbali mwa nyumba ndi kukumba ngalande kuti madzi a mvula azithawa. Pulasitala akhale wofewa, wa laimu ndi mchenga wambiri. Zoika lamba wa konkire pamwamba zimatheka, koma aone kaye munthu wodziwa za kulemera kwa nyumba, osati aliyense wokhala ndi chipande cha simenti. Khonde musalitseke kuti likhale chipinda cha lendi. Ndi limene limaletsa dzuwa kufika pakhoma, ndipo aliyense amene anagonapo ku Nkhotakota mwezi wa Okutobala m'nyumba ya mabuloko yopanda siling'i akudziwa chimene ndikunena.

Anyamata akapambana, apambane mwanzeru. Njerwa zomangira dothi zimachoka zamphumphu, ukungozigwedeza ndi dzanja, ndipo ndi zabwino kuposa zambiri zimene zikuotchedwa lero. Kuyambira 2018 malamulo salolanso njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi nyumba zikuluzikulu za malonda, pofuna kuteteza mitengo, ndiye kuphwanya ndi hamala njerwa zoti nkhuni zake zinapsa kalekale n'kutaya chuma. Matabwa a mlombwa ndi mbawa asalowe pamoto wophikira amisiri. Musanachotse lata loyamba, jambulani mbali zonse zinayi, chipinda chilichonse, ndiponso amayi aakulu atakhala pakhonde.

Chimene chandisiya ndi chidwi ndi chitseko cha kumaso, pa chithunzi chachiwiri. Sichikugwirizana ndi nyumbayo. Ndi chachifupi kuposa khomo lake, moti pamwamba anachita kuikapo thabwa lodzazira, ndipo chikuoneka cha matabwa awiri okha aakulu, ochindikala, okhala ndi tizokongoletsa tosema m'mphepete. Kale munthu akamasamuka m'nyumba yomata ankasiya dothi ndi udzu, koma chitseko ankasenza. Chimatha kudutsa nyumba zitatu kapena zinayi. Sindikunena kuti ndi cha Jumbe, koma ndikukayika ngati chinapangidwira khomo limenelo. Mukapita kumudzi mundijambulire kumbuyo kwake, mahinjesi ake, ndi pamene pali mabowo akale osagwiranso ntchito. Ndipo mukakhala pansi ndi amayi aakulu, shuga ndi buledi zili pambali, musayambe ndi za njerwa. Muwafunse kuti chitsekocho chinachokera nyumba ya yani.